Kuona Maso a Nkhono

Tili ana, mvula ikagwa usiku, m'mawa tinkapeza nkhono zitatuluka kuseri kwa nkhokwe, zikukwawa pa dothi lonyowa n'kumasiya kanjira konyezimira m'mbuyo. Tinkatola imodzi n'kuiika pamwala, mpikisano n'kuyambika: ndani aone maso ake poyamba. Wopupuluma ankaigogoda ndi kamtengo. Wina ankaiuzira mpweya, winanso kuikuwira ngati ili ndi makutu. Nkhono ili duu m'chigoba mwake. Amene ankapambana nthawi zonse anali mlongo wanga wamng'ono, yemwe ankangokhala pansi, chibwano pabondo, pakamwa tseke. Pakapita kanthawi chinthu chija chinkasolola mutu, kenaka tinyanga tiwiri tatifupi, kenaka tiwiri tatitali, ndipo kunsonga kwa tatitalito kunkaoneka timadontho takuda. Maso ake ndi amenewo. Wina akangotsokomola, zonse zija n'kubwerera m'kati.

Agogo aakazi akatipeza titaunjirira mwala uja ankaseka n'kunena kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ife tinkayesa akunena za nkhono.

Ndinakulira kumtunda, kumapiri, kumene nyanja inkafika pa njinga. Inkabwera m'dengu lomangidwa ndi malamba a chubu: usipa wouma, matemba, utaka wowamba, nthawi zina mlamba wakuda bii wopindidwa ngati nkhata. Kwa ife nsomba inali ndiwo, basi. Kusukulu, m'buku la sayansi munali chithunzi cha nsomba imodzi yoyang'ana kumanzere, mivi italoza zipsepse, mamba, mchira ndi mopumira. Inalibe dzina. Sinali chambo, sinali mcheni, sinali kampango. Inali "nsomba", monga mmene munthu angajambulire "nyama" osanena ngati ndi mbuzi kapena njovu. Tinaloweza mivi ija, mayeso tinakhoza. Aphunzitsi athu, munthu wakhama ndithu, anatiuza poyera kuti iwonso nyanja anali asanaionepo. Sindikuwanena. Ankagawa chimene anapatsidwa.

Pamene ndinkafika ku Cape Maclear koyamba n'kuti ndili wamkulu kale, wa ndevu. Mnyamata wina wa ku Chembe anandibwereka galasi loonera pansi pa madzi, nandiperekeza kumiyala ya ku Otter Point. Ndinalowa m'madzi ngati ng'ombe yolowa m'dambo, phuvuphuvu, manja ndi miyendo zikumenya paliponse. Sindinaone kanthu koma thovu ndi miyala. Nditadzutsa mutu kuti ndidandaule, mnyamata uja anangoti, "Achimwene, khalani phee. Mukuzithamangitsa." Ndinagwira mwala, mpweya ndinaubweza, ndinayandama ngati chikuni. Ndiye zinayamba kutuluka. Yabuluu ya mizere yakuda, yachikasu ngati dzira, ina yamawangamawanga, ina pakamwa pake poloza pansi ikupala ndere pamwala monga mayi apalira mphika. Ina inali ndi kamwala kake kamene inkalondera, iliyonse yoyandikira inkapirikitsidwa. Zinali pompo nthawi yonse ija. Wosowa ndinali ine.

Mawu a agogo aja anandipeza m'madzi momwemo, patapita zaka makumi awiri ndi kuposerapo.

Timbuna timeneti, akatswiri amati, sitikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya opanda miyala. N'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mbuna zakezake: za ku Thumbi sizifanana ndendende ndi za ku Mumbo, za ku Maleri zili ndi mavalidwe awo. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Imaposa 700, ena amati mwina ifika 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Yambiri mpaka lero ilibe dzina m'mabuku a sayansi. Ndicho chifukwa chake mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, kuteteza zilumba, miyala ndi madzi a mamita 100 kuchokera kugombe, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Manambala amenewa mwana akhoza kuwaloweza tsiku limodzi. Ine ndinawadziwa ndisanalowe m'madzi, ndipo sanandisunthe mtima ngakhale pang'ono. Chinandisuntha ndi kansomba kamodzi kolondera mwala wake.

Pali nsomba ina imene asodzi amaitcha kaligono. Imagona chammbali pamchenga, osagwedezeka, mawanga a pathupi pake akuoneka ngati chinthu chimene chayamba kuola. Tinsomba tating'ono timabwera kudzaona maliro, mwina kudzadyako, ndipo wakufa uja amadzambatuka n'kumeza wolira. M'mabuku anaipatsa dzina la David Livingstone, koma dzina la asodzi ndilo likunena khalidwe lake. Kuti munthu atche nsomba dzina lotere, ndiye kuti wina kalekale anakhala pabwato, madzi ali bata, n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali mpaka ataona chinyengo chonse kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza. Munthu ameneyo sanalembe buku. Anasiya liwu limodzi, ndipo m'liwumo muli phunziro lathunthu.

Nanga kampango, amene timangomudziwa ali m'mbale ndi msuzi wa tomato? Kampango amalera ana awiriwiri, bambo ndi mayi. Amakonza chisa pansi pa nyanja pafupi ndi miyala, anawo ali pakati, makolo akulondera. Mayi amatulutsa mazira osaswa kuti ana adye, bambo amapita kukafukula tizilombo mumchenga n'kudzawalavulira. Amatero kwa miyezi. Munthu akakola mmodzi mwa makolowo pa mbedza, wakola banja lonse, ngakhale m'bwato mwagwa nsomba imodzi.

Koma pa zonsezi nkhani yaikulu ndi ya chambo, poti ndicho chimene dzina la dziko lathu limayenda nacho. Nyengo yoswana ikafika, chambo chachimuna chimasesa mchenga pansi pa madzi n'kuumba bwalo lake lozungulira. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo, nthawi yomweyo n'kuwatola ndi pakamwa. Kuyambira apo m'kamwa mwake mwasanduka chikuta. Chimachoka kumadzi akuya kupita kosaya, kumabango ndi kuudzu wa m'madzi, chili chosadya kwenikweni kwa masabata angapo. Ana akaswa chimawalavula kuti adye, koma chikaona mdani chimatsegula pakamwa, onse n'kuthamangiramo. Ana amenewa, amene kugombe amawatcha kasawala, amakulira m'madzi osaya momwemo, ndipo pamatenga zaka ngati zitatu kuti nawonso ayambe kuswana. Zaka zitatu! Chimanga timabzala mu Disembala n'kudya mondokwa mu Malichi. Nkhuku miyezi isanu ndi umodzi yayamba kuikira. Chambo chimafuna munthu wodziwa kudikira kuposa mlimi wa chinangwa.

Tsono taganizani khoka lokokedwa kugombe mwezi wa Novembala. Limasesa malo omwe aja amene amayi a chambo abisala ndi ana m'kamwa. Msodzi aliyense wachikulire anaonapo zimene zimachitika nsomba yotere ikagwa pamchenga: imatsegula pakamwa, tiana mazanamazana n'kukhuthukira pansi, waliwali padzuwa, kenaka zii. Lamulo lotseka usodzi wa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, ndi lina loletsa kupha chambo chosafika masentimita 15, anabadwira pamchenga pamenepo. Koma mmene lamulo limafikira kwa anthu, limafika lili lokhalokha, nkhani ya m'kamwa ija itatsala m'mbuyo.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Anthu odekha analipo, ndipo analemba. Mu 1945 kunabwera mtsikana wa ku England, Rosemary Lowe, amene anakhala m'mbali mwa nyanja mpaka 1947 akuyeza chambo, kuchitumbula, kuwerenga mazira, kufunsa asodzi. Zimene anapeza zinakhala maziko a zambiri zimene tikudziwa lero za nsombayi. M'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer anachita chimodzimodzi ndi nsomba za m'miyala ku Nkhata Bay, ndipo liwu loti mbuna, limene lero alimi a nsomba za m'magalasi ku Germany, ku America ndi ku Japan amalitchula tsiku ndi tsiku, linachokera pakamwa pa Atonga a kumeneko. Ngakhale m'maina a Chilatini muli mawu a asodzi athu: lidole, saka, mloto. Alendo aja anabwera ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mutu wometedwa unali wa pano, ndipo owalozera pometa anali eni gombe. Pambuyo pake Ad Konings wa ku Netherlands anasambira pafupifupi gombe lonse akujambula, natulutsa mabuku a zithunzi zokongola zedi. Funsani kuti mabuku amenewo ali kuti. Ali m'Chingerezi, m'Chijeremani, pa mitengo yokwera kwa mphunzitsi wa kumudzi. Mwana wa ku Berlin amene bambo ake ali ndi galasi la nsomba pabalaza akhoza kukuuzani kuti iyi n'ja ku Likoma, iyi n'ja ku Mbenji. Mwana wa ku Dedza, amene nyanja amaionera patali ali pamwamba pa phiri, ali ndi nsomba yake ija yopanda dzina, yoyang'ana kumanzere.

Nzeru inatuluka m'dziko ili nkhani yokoma. Pobwerera inabwera ili chikwangwani. Musaphe. N'koletsedwa. Wopezeka adzalipira chindapusa. Zoona zonsezo, koma ndi kumugogoda nkhono ndi kamtengo.

Sindikunena kuti malo ophunzirira kulibe. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli Malawi College of Fisheries, kumene kumachokera alangizi ambiri a zausodzi. Ku Bunda ndi ku Mzuzu University achinyamata amatenga madigiri a za nsomba. Ku Monkey Bay kuli ofufuza a boma, ku Domasi amaphunzitsa ulimi wa nsomba za m'maiwe, makumba ndi chilunguni. Kupaki ku Cape Maclear kuli kanyumba kosungiramo zinthu zophunzitsira ana a sukulu obwera kudzacheza, ndipo makalabu a zachilengedwe a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi akhala akuyesetsa m'masukulu kwa zaka zambiri. Pa wailesi, pulogalamu ya Usodzi wa Lero inalankhula ndi asodzi m'chinenero chawo, ndipo mwa zonse ndatchulazi imeneyo ndiyo inafika patali, chifukwa wailesi imakwera bwato. Koma ana angati a sukulu za kumudzi amene anakwerapo basi kupita ku Cape Maclear? Ndalama ya ulendo wotere imaposa ya yunifolomu.

Pali chikhulupiriro chimene ndamva kangapo kugombe, chonenedwa mosakayika konse: nyanja siingathe, nsomba n'za Mulungu. Ukaima pa Senga Bay kapena pa Chintheche n'kuyang'ana madzi ofika kumene maso alekezera, umamvetsa chifukwa chake munthu angatero. Kumpoto nyanjayi imazama mamita pafupifupi 700. Chimene maso saona n'chakuti pansi pa mamita 250 kulibe mpweya woti nsomba ipume. Ndi chipululu cha madzi. Moyo wonse uli pamwamba, ndipo wochuluka uli kumwera kosaya, kumene mphepo ya mwera imavundula madzi a pansi m'miyezi yozizira n'kukweza chakudya. Nkhokwe imene timaiona ngati yodzaza mpaka pansi ili ndi chimanga kukamwa kokha.

Anthu a ku Malombe anaphunzira zimenezi ndi misozi. Nyanja yaing'ono ija, yosaya, imene Shire amadutsamo atangotuluka m'nyanja yaikulu, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 inkatulutsa chambo matani zikwizikwi pachaka. Makoka anachuluka, nkacha inabwera ndi maso ake ang'onoang'ono n'kumakokolola udzu wa pansi umene kasawala amabisalamo. Pasanathe zaka khumi ndi zingapo chambo chinangotsala cha mankhwala, m'malo mwake mutadzaza kambuzi. Mu 1993 ndi pamene boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'magombe, aja timawatcha ma BVC, kuti asodzi eni ake akhale nawo pokonza ndi posunga malamulo, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linatsimikiza njira imeneyi. Maganizo abwino, koma anafika madzi atatayika kale. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo mtundu wa lidole pali mantha oti mwina unapita kale.

Chambo chisanayambe kusowa panali ntchila. Akuluakulu amati m'zaka za m'ma 1950 ntchila inali m'gulu la nsomba zophedwa kwambiri m'nyanja yonse. Inkakwera mitsinje ndi madzi oyamba a mvula kukaswana, anthu n'kumaidikirira pamathiriro ndi maukonde a nayiloni amene anali atangofika kumene. Pofika m'ma 1960 inali itagwa, ndipo sinadzukenso. Lero mukhoza kuyenda madoko angapo osakumana nayo.

Ndiye pali Mbenji. Ndikamva anthu akukambirana za zipangizo zophunzitsira kasamalidwe ka nsomba, maganizo awo ali pa mabuku, zithunzi ndi makompyuta, ine ndimakumbuka chilumba chimenechi, chimene chili m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, moyang'anana ndi gombe la Chikombe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, chaka chilichonse mvula ikayamba mu Disembala chilumba chimatsekedwa, asodzi onse n'kusamuka, mpaka cha mu Epulo pamene chimatsegulidwa ndi mwambo. Pachilumbapo mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, maukonde a maso ang'onoang'ono ayi. Wolakwa amathamangitsidwa, ndipo amene amamuthamangitsa ndi anzake omwe. Zifukwa zoyambirira sizinali za m'buku: anthu apite akalime, mphezi za dzinja pachilumba n'zoopsa, ndiponso mizimu ya malowo iyenera kulemekezedwa. Koma miyezi yomweyo ndi imene nsomba zambiri zimaswana, ndipo utaka wa ku Mbenji ndi wodziwika kukula kwake. Lero ophunzira a m'mayunivesite amapita kumeneko ndi zolembera kukafunsa mmene zimathekera. Galu wamkota sakandira pachabe.

Sindikufuna kupaka Mbenji utoto woposa umene ali nawo. Lamulo lina la kumeneko limaletsa amayi kufika pachilumba, ndipo ine limandivuta, poti amayi omwewo ndiwo amayanika nsomba pa thandala, kuwamba, kusenza ndi kugulitsa. Nsomba amaidziwa ndi manja kuposa ambiri a ife. Komabe chimene Mbenji amaphunzitsa n'chovuta kuchilemba pa bolodi. Mnyamata amene wakulira pa Chikombe amaona ndi maso ake bambo ake akupachika ukonde miyezi inayi, amamva njala ya miyeziyo m'mimba mwake, kenaka amaona mabwato akubwera odzaza tsiku lotsegulira. Chaka ndi chaka. Palibe amene amamuuza kuti kudikira kumabala, amakudya.

Apa wina andidule mawu, ndipo ali ndi ufulu. Kudekha n'kwa wokhuta. Ndinakumanapo ndi mayi wina m'mawa kugombe lina, iye ndi mwana wake wamkazi atagwira uku ndi uku masikito aja amagawidwa kuchipatala kuti titetezeke ku malungo, akukokolola m'mabango. M'beseni munali tinsomba tosaposa chala cha mwana. Ndinafunsa, mwaulemu momwe ndikanathera, ngati akudziwa kuti timeneti ndi ana a chambo. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Bambo, ndinabadwira pano. Mukuyesa sindidziwa kasawala? Ndiuzeni chimene ana anga adyere nsima madzulo ano, ndikathira timeneti m'madzi inu mukuona." Ndinalibe yankho. M'thumba mwanga munali ndalama ya chambo cha kuhotela.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero akuluakulu omwewo amene anatipatsa mwambi wa nkhono, ndipo sanali kudzitsutsa. Ankadziwa kuti miyambi iwiriyi imakhala m'nyumba imodzi, imakangana tsiku lililonse. Mayi uja sankasowa phunziro. Ankasowa chogwira m'miyezi yodikira, ndiponso chitsimikizo choti iye akaleka, mnzake wa tsidya lija alekanso, ndi mabwato akuluakulu a injini okoka makoka usiku sadzalowa m'madzi osaya kudzakolola chimene iye wasiya. Munthu sangadekhe yekha pakati pa anthu olimbirana. Ku Mbenji zimatheka chifukwa onse amachoka tsiku limodzi, onse n'kubwerera tsiku limodzi. Kumene makomiti a m'magombe agwira mphamvu, monga m'madera ena a Nkhata Bay kumene bungwe la Ripple Africa lagwira ntchito ndi mafumu ndi asodzi kuteteza malo oswanira chambo, chinsinsi chake n'chomwecho: aliyense akuona kuti mnzake nayenso wamanga manja. Choncho amene akulemba mabuku ophunzitsira asamayese kuti anthu a kugombe ndi mitsuko yopanda madzi yodikira kuthiridwa. Mbuli zenizeni za nsomba tili m'tauni ndi kumtunda, ife amene timakwiya chambo chikakwera mtengo, n'kumagula bonya ndi kasawala pamsika osafunsa kanthu.

Ndipo ife akumtunda tili m'nkhaniyi mpaka m'khosi, ngakhale sitinagwirepo nkhafi. Mpasa, nsomba yamphamvu ija ya siliva, imakhala m'nyanja koma imaswanira m'mitsinje. Imakwera Bua, Linthipe, North Rukuru, kufunafuna madzi oyera oyenda pa timiyala. Tikadula mitengo m'mapiri, tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi limatsika n'kukwirira timiyala tija, mazira n'kubanika m'matope. Bua wasungako mpasa chifukwa mbali ina amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Wina akathira katupe padziwe kuti aphe za ndiwo ya tsiku limodzi, wapha ndi za chaka chamawa zomwe. Mwana wa kumapiri uja, amene ndinali ine, akanauzidwa kuti khasu la bambo ake limafika kunyanja, phunziro la nsomba likanakhala lake, osati la anthu ena akutali odya nsima ya kondowole.

Nkhono ija nayo ili ndi mbali yake m'madzi, ndipo apa mwambi umachita ngati ukudziluma mchira. M'nyanja ndi m'madambo muli tinkhono tating'ono timene timasunga tizilombo ta likodzo. (Tinkhono ta m'madzi timeneti maso ake sali kunsonga kwa tinyanga ngati ya kumunda ija, ali patsinde, ndiye kuwaona kumafuna kudekha kowirikiza.) Kale anthu ankati likodzo ndi la m'madambo ndi m'mabango, gombe la mchenga loyera lilibe vuto. Koma ku Chembe matendawa anakula kwambiri kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo Jay Stauffer ndi anzake, amene akhala akuwerenga nsomba pamalo omwewo kwa zaka zambiri, anaona kuti nsomba zodya nkhono, zimene zili ndi mano ophwanyira zigoba kukhosi, zinali zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka, pamene nkhono zinali zitachuluka. Ulusi wake ndi wautali: khoka la maso ang'onoang'ono, nsomba yosowa, nkhono yochuluka, mwana wa sitandade 4 wokodza magazi. Palibe akanauona pa ulendo wa sabata imodzi. Unaoneka chifukwa wina anabwerera pa mchenga womwewo chaka ndi chaka, n'kumawerenga.

Ndinaonapo mphunzitsi wina pa sukulu ya m'mbali mwa nyanja amene analibe buku lililonse la nsomba, koma anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anatuma ana ake a sitandade 6 kuti aliyense akafunse agogo ake maina a nsomba zonse zimene akuzidziwa. Lolemba bolodi linadzaza mpaka m'mphepete: mcheni, ndunduma, chisawasawa, mbaba, bombe, nkholokolo, ningwi, ngumbo, kadyakolo, sanjika, samwamowa. Ana anaseka dzina lomalizali mpaka misozi, ndipo mtsikana wina anaimirira n'kufotokoza kuti ndi chifukwa cha kakamwa kake kosongoka ngati ka munthu wokana chipanda. Panabuka mkangano ngati mbaba ndi nsomba imodzi kapena gulu la nsomba zingapo, mphunzitsi n'kuvomera kuti nayenso akafunsa. Kenaka anamata mapepala pakhoma, dzina lililonse ndi malo ake, n'kunena kuti aliyense akaiona nsombayo padoko, aiyang'anitsitse, afunse kumene yaphedwa ndi chimene imadya, adzaijambule pansi pa dzina lake. Analetsa chinthu chimodzi chokha: kujambula nsomba imene sunaione ndi maso ako.

Ndinadutsanso pasukulupo teremu ikutha. Khoma linali litadzaza zithunzi za makala ndi choko cha mitundu, zina zokhota, zina zokongola modabwitsa. Kampango anali ndi ndevu zake zonse. Pansi pa chambo mwana wina anajambula chachikazi chitatsegula pakamwa, timadontho tikulowa. Chakumapeto kwa khoma, pafupi ndi zenera, panali pepala limodzi loyera, pamwamba pake patalembedwa kuti ntchila. Mnyamata amene anabweretsa dzinali anandiuza kuti agogo ake anamuonetsa kutalika kwake ndi mkono, kuchokera kunsonga ya zala mpaka pafupi ndi chigongono, ndipo anati inali yonona kwambiri ikawambidwa. Iye amadzera padoko m'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi, amasuzumira m'mabwato onse. Pensulo anali nayo m'thumba la malaya, yosongoledwa kale.